Amene Ndinamutsekera M'sampu

Sendezani thabwalo pamoto, magetsi sayaka msanga awa, ndipo kuzizira kwa Juni sikuona kuti uyu ndi mekaniki wamkulu. Inu anyamata a masiku ano mumandiseka kumbali kuti Binwelo Katsamba wakalamba, akuti ndimaopa injini za tabo, ndimangofuna maminibasi otha ntchito. Sekani ndithu. Koma poti manja ali pamoto ndipo ntchito yaima, ndikuuzani chimene ndinasiyira kutsegula kunsi kwa injini zothamanga.

Nthawi imeneyo galaja yanga inali kumapeto kwa mzere uno wa magalaja ku Biwi, ya malata mpaka pansi, ili ndi dzenje la simenti lolowera kunsi kwa galimoto. Ndinali ndi mlamu wanga Fanuwelo, mlongo wawo wa akazi anga a Nangozo. Makolo awo atamwalira kwawo ku Ntcheu, a Nangozo ndiwo anamulera, choncho m'nyumba mwathu anali ngati mwana woyamba. Anakula n'kukhala bambo wa ndevu zake, koma matenda ake anali amodzi, liwiro. Anali ndi kagalimoto kofiira, kotsika mpaka kukhudza udzu, kamene ankapikisana nako pa bwalo lina lakale la ndege.

Mukudziwa inu kuti tabo ndi mpweya chabe. Imakankhira mpweya wambiri m'injini, moto umakula, dalaivala amamwetulira. Koma amene amasenza katundu yenseyo ndi apansi: kilankishafuti, maberingi, ndi makonirodi, timikono tachitsulo tolumikiza pisitoni ku kilanki. Fanuwelo anakweza mpweya wa tabo osafunsa apansiwo ngati angathe. Tsiku lina konirodi inapindika n'kutulukira m'mbali mwa buloko, thupi lenileni la injini, ndipo galimoto inabwera kwa ine pa chingwe.

Mpikisano waukulu unali patsogolo ndi masabata atatu. Ine ndinafuna kukana, koma a Nangozo anandikhazika pansi.

"Bambo a Tadala, kumuletsa talephera," anatero. "Ndiye mumumangire inuyo. Akapita kwa wina ndidzangomva uthenga. Mwanayu ndamusiya m'manja mwanu."

Ndinavomera, ndipo ndinalonjeza kuti kunsi kwa injiniyo ndikumanga kolimba kuti sikudzamuchita chipongwe.

Buloko ina yabwino ndinaipeza, ndinatsuka timabowo take ta oyilo mpaka kuwala. Kilanki ndinaipititsa kokapala ndi kukailinganiza kulemera. Mabawuti akale ndinataya onse, chifukwa bawuti ikakokedwa kamodzi sibwereranso mwakale. Chotsala chinali makonirodi osula, olimba aja, amene tinaitanitsa ku Joni. Sabata inatha, yachiwiri inayamba, katundu osafika. Fanuwelo ankabwera m'mawa uliwonse kudzandiyang'ana ngati ndadya mbuzi yake.

Ndiye ndinapita kwa a Mwamadi, mkulu wina wogulitsa zitsulo za magalimoto owonongeka. Nditawafotokozera chimene ndinkafuna, anadzuka n'kunditsogolera. Sananditengere pa mulu wa zitsulo ayi. Ananditengera kuseri kwa nyumba, pamene panali kasaka kali pakokha pansi pa mtengo wa mango, n'kundilozera ndi mlomo.

"Tolani nokha," anatero.

Munali makonirodi anayi osula, okongola, ntchito ya munthu wodziwa. Ndinawatola msangamsanga. Sindinafunse kumene anachokera, ndipo sindinadabwe kuti mwini katundu akukana kugwira katundu wake. Fanuwelo ndinamuuza kuti a ku Joni aja afika. Ndinanama chifukwa cha manyazi, kuopa kuti mlamu anganene kuti ndamuikira zotola.

Konirodi iliyonse ili ndi kapu yake, kachidutswa kamene kamatseka kuzungulira kilanki. Ziwirizi zimadulidwa limodzi, ndipo ukasinthanitsa makapu beringi imapsa. Ndinaziyala pa katoni mmene ndinazipezera, n'kulemba ndi choko, wani mpaka folo. Nditabwera kokadya masana, kapu yachiwiri inali pa malo a yachitatu. Ndinadzitukwana ndekha n'kubwezera. Mawa lake, chimodzimodzi. Galaja ndinkakhoma ndi loko, kiyi ali m'thumba la ovolosi.

Tsiku lachitatu ndinatsuka makapuwo ndi petulo n'kupita nawo padzuwa. Pamenepo ndinaona timadontho tating'ono tokhomedwa ndi msomali, kamodzi, tiwiri, titatu, tinayi. Amene ankasinthayo ankakhoza. Wolakwa ndinali ine, ndipo ndikanamanga mwa choko changa injini ikanafa tsiku lomwelo. Ndinayenera kukondwa, koma ndinadzifunsa kuti ndani akulowa m'galaja yokhoma.

Masana omwewo mayi Nachisale, amene ankatigulitsa tiyi mzere wonse uno, analowa ndi makapu awiri a tiyi.

"Inayo ndi ya ndani, mayi?"

"Ya anzanu aja. Si amakhala pa tayala apo mukamagwira ntchito?"

"Anzanga ati?"

"Iii, a Katsamba, musandiyese wamisala. Ovala jekete yakuda, kutentha konseku. Koma ndi amwano, moni sayankha."

Unali mwezi wa Okutobala, malata akuwotcha ngati chiwaya. Ndinayang'ana pa tayalapo, panalibe munthu. Tiyi ndinamwa yense ndekha kuti mayiwo asapitirize nkhani.

Ntchito ndinapitiriza, nanga ndikanatani. Mpata wa beringi iliyonse ndinayeza ndi kaulusi ka pulasitiki: umakagoneka pa kilanki, umanga kapu, umasula, n'kuona mmene kaphwanyikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mabawuti akuluakulu ndinamanga kuyambira pakati kupita kunja, katatu, pang'onopang'ono, ndipo ndikamanga kapu imodzi ndinkazunguza kilanki ndi dzanja kuti ndimve ngati ikuyenda momasuka. Ndinali ndi sipanala yaitali yoyezera kumanga, ija imalira kuti tche ikafika pa mlingo. Kawiri ndinaimva ikulira ili yokha pa benchi, ine ndili pakhomo. Ndipo tsiku lina nditatembenuka kuti nditole nsanza, kilanki inapitiriza kuzungulira, pang'onopang'ono, ngati pali dzanja lina limene likufuna kumva nalonso.

Lachisanu ndinatseka sampu, mbale ya oyilo ija ya kunsi, n'kuimanga mabawuti onse. Tinakweza injini m'galimoto. Fanuwelo atapotoza kiyi, inalira kamodzi kokha, mawu osalala, oyilo akukwera bwino. Mlamu wanga anavina pakati pa galaja.

"Alamu, manja anu ndi a golide! Loweruka la sabata yamawa akaona fumbi lokha!"

Anazimitsa. Tili chiimire, kunsi kwa injini kunamveka go, go, go.

"Ndi zitsulo zikuzizira," anatero Fanuwelo.

Ine ndakhala ndi zitsulo moyo wanga wonse. Chitsulo chikamazizira chimathetheka timawu tating'ono. Uku kunali kugogoda kwa chala cha munthu pa chitseko, katatu, kenako kudikira kuti ayankhidwe.

Loweruka m'mawa ndinabwerera kwa a Mwamadi, ndipo ulendo uno sindinawapatse mpata wozemba. Anandiuza akuyang'ana pansi. Galimoto ina ya nambala yakunja inagubuduzika pa msewu wa ku Salima, mwini wake n'kufera pomwepo, atapanikizika ndi injini imene inalowa mpaka pa mpando. Anyamata ogwira ntchito kwa a Mwamadi anafika tsiku lomwelo n'kuzula injiniyo, magazi asanaume. Patapita masiku, abale a malemuyo anabwera ndi nthambi ya mtengo kudzatenga mzimu wa munthu wawo, monga amachitira anthu ambiri munthu akafera panjira. Anaitana, anasesa pansi ndi nthambiyo, anapita.

"Anakaitana pa msewu," anatero a Mwamadi. "Koma munthuyo anali atachoka kale ndi injini. Anabwerera ndi nthambi yopanda kanthu."

"Kwawo ndi kuti?"

"Sindidziwa, achimwene. Ngakhale dzina sindinamve. Zina zonse za injiniyo ndinagulitsa kwa osungunula. Izi zinayi ndinalephera, zinkandisowetsa mtendere m'nyumba."

Ndinabwerera ku galaja ndikulingalira. Munthuyo anamanga injini yake yekha, n'chifukwa chake ankadziwa makapu ake. Ndipo ine ndinamutenga, ndinamumanga ndi mabawuti atsopano pa mlingo wake, n'kumutsekera ndi sampu pansi pa mapazi a Fanuwelo.

Lamulungu masana, anthu ali ku tchalitchi pamodzi ndi mlonda wathu ndipo Biwi yense ali zii, ndinapita ku galaja ndekha kuti ndikatsegule. Galimoto ndinaiimika pa dzenje, n'kusiya mpata kutsogolo kumene kuli masitepe. Ndinakoka handibuleki, ndinaika mwala ku tayala. Foni ndinasiya pa benchi kuopa oyilo. Ndinatsika ndi bokosi la masipanala ndi beseni, n'kuyamba kukhetsa oyilo.

Oyilo akutsika, kuwala kunayamba kuchepa. Ndinayesa mtambo. Nditacheuka, ndinaona matayala akugudubuzika mwakachetechete, kupita kutsogolo. Ndinathamangira ku masitepe, koma bampala inali itafika kale pa khoma. Galimoto inaima, itavundikira dzenje lonse.

Kagalimoto kaja kanali kotsika, ndanena kale. Mpata wotsala m'mbali unali wongolowa mkono. Ndinakankha ndi msana, ndinakoka tayala ndi manja, osasuntha ngakhale pang'ono. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Kunja kunalibe wondimva, galu yekha ankauwa kutali cha ku Mchesi. Dzenjelo linali lalitali ngati manda a munthu wamkulu, ndipo maganizo amenewo atangondifikira sanachokenso.

Kutentha kunatsika kuchokera ku malata n'kudzakhala nane m'dzenjemo. Fungo la oyilo ndi petulo linandizunguza mutu. Foni inalira pa benchi, ndinadziwa kuti ndi a Nangozo akufunsa ngati ndibwere kudzadya. Inalira kachiwiri n'kusiya. Ndinakhala pansi pa simenti, ndipo ndikuuzani zoona, ndinalira ngati mwana.

Kenako pamwamba pa mutu wanga, go, go, go.

Ndinasuzumira pa kampata kaja. Pafupi ndi tayala lakutsogolo panali mapazi a munthu. Phazi limodzi linali ndi nsapato, linalo linali ndi sokosi yokha, yodzaza dothi lofiira. Chitseko cha galaja ndinali nditakhoma mkati. Mapaziwo sanasunthe, anangoloza kwa ine. Kumtunda kwake sindinaone, ndipo sindinafune kuona.

"Pepani," ndinatero. "Sindinadziwe, bambo. Pepani."

Go, go, go. Tsopano mofulumira, ngati munthu amene mpweya ukumuthera.

Pamenepo ndinamva chimene ankandiuza. Anandiika m'dzenje kuti ndilawe pang'ono zimene iye ankamva, kutsekeredwa pansi pa chitsulo, kuitana popanda woyankha. Ndinatola sipanala. Mumdima momwemo, mopapasa, ndinayamba kumasula mabawuti a sampu, thukuta likundilowa m'maso. Sampu itatsika, oyilo otsala anandithira kumaso, ndipo anali ozizira ngati madzi a m'mtsuko, kutentha konse kuja.

Kugogoda sikunaleke. Ndinafikira makapu a makonirodi. Kuti ufike pa kapu iliyonse umayenera kuzunguza kilanki, ndipo ndili m'dzenje ndinalibe pogwira. Sindinavutike nazo. Ndikamasula kapu imodzi, kilanki inkazungulira yokha n'kundibweretsera inzake pamaso. Yoyamba, yachinayi, yachiwiri, yachitatu. Ntchito imene ndinaimanga masabata awiri ndinaiphwasula ndi manja anga, ndikupepesa pa bawuti iliyonse.

Kapu yomaliza itagwera m'dzanja langa, kunakhala bata. China chake chinapuma mpweya wautali pafupi ndi khutu langa. Matayala anagudubuzika kubwerera m'mbuyo, kuwala kunalowa, ndipo ndinakwawa pa masitepe ndi mawondo. M'galaja munalibe munthu. Handibuleki inali chikokere, ndipo mwala uja unali utakhazikidwa bwinobwino pa benchi, pambali pa foni.

Ndinali nditamutsegulira, koma kumutsegulira munthu sikumufikitsa kwawo. Analibe womuitana, choncho anakhalabe ndi zitsulo zake. Ndinatsimikiza mtima kuti makonirodiwo atuluke m'injinimo, ndiwasunge mpaka abale ake apezeke.

Lolemba Fanuwelo anapeza sampu ili pansi, makapu ali pa katoni. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa kasaka ka pansi pa mango. Anandimvera mpaka kumapeto, nkhope ikuuma.

"Ndiye a ku Joni aja sanafike?"

"Sanafike, alamu. Ndinakunamiza."

"Munandinamiza za zitsulo, zimene ndingathe kuzigwira ndi manja. Lero mukufuna ndikhulupirire za mizimu?"

"Fanuwelo, dikira mpikisano wina. Ndikumangira ina, ndikulonjeza."

"Injini inalira bwino, ndinaimva ndekha. Handibuleki yanu ndi imene inalephera, inu n'kuchita mantha m'dzenje. Musandiwonongere Loweruka langa."

A Nangozo anamugwadira madzulo ake, mlongo wamkulu kugwadira mwana amene anamubereka kumsana. Iye anawadzutsa mwaulemu n'kunena kuti alamu akalamba, dzuwa lawalowa m'mutu. Lachiwiri anabwera ndi chingwe ine kulibe, anauza mlonda kuti ndamutuma, n'kukokera galimoto kwa mekaniki wina, pamodzi ndi makapu ndi sampu. Kubwezera makapu anayi ndi sampu ndi ntchito ya ola limodzi. Ndinayenda magalaja onse amene ndinkawadziwa, Kawale mpaka Area 25, osaipeza. Bodza langa limodzi lija linandilanda pakamwa, ndipo choona changa chinasanduka mphepo.

Loweruka ndinapita ku bwalo lija kuti ndikaime kutsogolo kwa galimoto ngati kungafunike. Ndinafika atandandalika kale pa mzere. Kagalimoto kofiira kananyamuka ngati mwala wa pa legeni, anzake onse n'kutsala m'mbuyo, anthu akukuwa. Kunsi kwa injini kunagwira, palibe chinathyoka, ntchito yanga inali yabwino. Koma atadutsa pothera mpikisano, galimoto sinachepetse liwiro. Nyali za mabuleki zinayaka, tonse tinaziona, zinayaka mpaka kumapeto. Galimoto inakhota yokha kulunjika ku chipata chotulukira ku msewu waukulu, ngati ya munthu amene wachedwa ulendo. Pafupi ndi chipatacho panali mtengo wa bulugamu.

Fanuwelo anafera pomwepo.

Tsiku lotsatira amalume ake a Fanuwelo anafika kuchokera ku Ntcheu ndi nthambi, kudzatenga mzimu wa mphwawo. Anafuna kusesa pansi pa mtengo paja, koma ine ndinawagwira mkono. Galimoto ndinali nditailondera osalola munthu kukhudza injini. Ndinagona chagada pa fumbi, dzuwa lili pamutu, n'kutsegula sampu yophwanyika ija ndi makapu onse anayi. Nthambi anapatsidwa a Nangozo, poti ndiwo anamulera. Anailowetsa m'kati mwa injini n'kuitana.

"Fanuwelo, mwana wa amayi, ndabwera kudzakutenga. Tuluka, tiye kwathu."

Mwambo wa kwawo ndi wakuti wonyamula nthambi salankhula ndi amoyo mpaka atafika, ndipo sacheuka. Amalankhula ndi womwalira yekha, kumuuza njira kuti asasochere. Tinakwera galimoto yotsatira bokosi, a Nangozo ali pakati, nthambi ili pamiyendo.

"Fanuwelo, tikudutsa Nathenje."

Pofika pa Diamphwe ndinaona kuti agwira nthambi ija ndi manja awiri, mitsempha ya m'khosi itatuluka, kanthambi kamasamba asanu. Anasendera kwa ine, kusiya malo pampando. Patapita kanthawi anasenderanso, mpaka kundipanikiza ku chitseko. Amalume anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

Tinafika pa mlatho wa Linthipe. A Nangozo ananena motsitsa mawu.

"Tikuwoloka Linthipe. Gwiranani, nonse awiri."

Kumanda amalume anaima pamutu pa dzenje n'kuitana mphwawo ndi dzina lake, la bambo ake ndi la agogo ake, kumuuza kuti pano ndi kwawo, agone. A Nangozo anawerama kuti aike nthambi pa bokosi. Ndinaona mapewa awo akupepukidwa, koma mbali imodzi yokha. Amalume analibe dzina lachiwiri loti aitane, ndipo manda a eni ake salandira mlendo wosatchulidwa.

Titabwerera ku Lilongwe, a Nangozo sanandikalipire, sanandithawe. Ndikanakonda akanatero. Anangoyala mphasa pakhonde, malo amene palibe amakhalapo mpaka lero, n'kundiyang'ana m'maso koyamba chichitikire ngoziyo.

"Ndinakupatsani mwana wa dzina," anatero. "Mwandibwezera mlendo wopanda dzina. Mupezereni kwawo."

Zaka khumi ndi chimodzi zapita, ndipo galimoto iliyonse ya nambala yakunja ikaima pano ndimafunsa mwini wake ngati kwawo kunasowa munthu pa msewu wa ku Salima. Palibe wandiyankha. Inunso mukamva, mudzandiuze, chifukwa madzulo aliwonse ndikamalowa m'nyumba ndimadutsa pa mphasa ija, ndipo ndilibe choti ndimuuze mlendo wathuyo.